Intavyu inatha, yankho kuli zii: zimene makolo tiyenera kudziwa

M'midzi ndi m'makomboni athu masiku ano sicacilendonso kumva kuti pa nyumba yakuti-yakuti pali mwana amene anatsiriza digiri yaciwiri, ija amati Masters, ndipo ena afika ngakhale pa PhD. Ambiri mwa ana amenewa anaphunzira ndi ndalama za thonje, fodya, nshawa ndi cimanga, ndipo mtima wao uli pa nchito imodzi: kukaphunzitsa pa yunivesiti. Tsiku limene lamya yalira kuti mwanayo akaonekere ku intavyu, banja lonse limasangalala. Ena amagulitsa mbuzi kuti apeze ya basi, pakuti kucokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 550, osawerengera kogona ndi cakudya. Mwana amapita, amayankha mafunso, amabwerako nkhope ili yowala. Kenaka sabata imatha, mwezi umatha, wina umayamba, koma kocokera yankho kuli zii.

Ndi pa nthawi yodikira imeneyi pamene mabanja ambiri amavulala. Wina amasiya nchito imene anali nayo cifukwa mkulu wina pa intavyu anamwetulira nati tionana posacedwa. Wina amatumiza ndalama kwa munthu wosamudziwa amene walonjeza kukankha dzina lake. Wina amayamba kuloza zala acibale kuti amutsekera mwai. Winanso amangodzitsekera m'nyumba, osadya, osakamba ndi munthu. Zonsezi gwero lake ndi limodzi: kusadziwa mmene yunivesiti imalembera munthu nchito. Lero tifuna tifotokozerane kuti kukhala cete kwa yunivesiti, kawiri-kawiri, sikutanthauza kuti mwana wapambana, ndiponso sikutanthauza kuti wagwa. Amene wamvetsa zimenezi amadikira mutu uli m'malo, manja ali pa nchito.

KALE NDI LERO

Ife amene tsopano tayamba imvi tinakula tikumva kuti munthu wa digiri safuna-funa nchito, nchito ndiyo imamufuna. Pa nthawi yake zinali zoona. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, ana a Zambia amene anali ndi digiri anali pafupi-fupi 100 cabe. Yunivesiti ya Zambia, UNZA, inatsegula zitseko zake mu 1966, ndipo aphunzitsi ake ambiri anali ocokera kunja. Ngakhale Vice-Chancellor woyamba, a Douglas Anglin, anali a ku Canada, mpaka mu 1969 pamene a Lameck Goma anakhala mwana wa dziko lino woyamba kutenga mpandowo. Pofuna kukhala ndi aphunzitsi a kuno kwathu, UNZA inali kusankha ophunzira amene akhoza bwino koposa, kuwasunga monga Staff Development Fellow, ndi kuwatumiza kukapitiriza maphunziro kuti akabwerako adzaphunzitse. Kwa mwana wanzeru njira inali yoongoka.

Lero mayunivesiti aculuka ndithu. Copperbelt University ya ku Kitwe inakhazikitsidwa mu 1987, Mulungushi ya ku Kabwe mu 2008, ndipo makoleji akale a aphunzitsi monga Nkrumah ndi Chalimbana anakwezedwa kukhala mayunivesiti. Palinso mayunivesiti a mipingo ndi a anthu a malonda, amene ciwerengero cao caposa ca mayunivesiti a Boma. Munthu angaganize kuti malo a nchito ali mbwee. Koma amene aculuka koposa ndi anthu a madigiri. Caka ciliconse kumatuluka a Masters atsopano, pamene mpando wa mphunzitsi wa pa yunivesiti sutseguka wamba. Umatseguka wina akapuma pa nchito, akamwalira, akapita kwina, kapena yunivesiti ikayambitsa maphunziro atsopano. Ndipo mpandowo sulandira wophunzira aliyense. Ngati akufuna wodziwa za nthaka, wodziwa za matenda a ng'ombe sangalowepo, ngakhale onse awiri amathandiza mlimi.

Pa UNZA makwerero ake amayambira pa Lecturer III, kukwera pa Lecturer II ndi Lecturer I, kenaka Senior Lecturer, Associate Professor, ndipo pamwamba peni-peni Professor. Digiri ya Masters ndi khomo lolowera cabe. Pa mzere womwewo pamaimanso a PhD, ena ocokera ku South Africa, ku Britain, ku China kapena ku India, ndi ena amene analembako kale zofufuza zao m'magazini a akatswiri. Conco mwana wathu akaitanidwa ku intavyu, ndiye kuti wadutsa kale anzake ambiri. Ici cokha cionetsa kuti mapepala ake ndi olemera.

ULENDO WA DZINA LA MWANA WANU

Ambiri a ife tikumbukira caka ca 2022, pamene Boma linalemba aphunzitsi a m'masukulu 30,496 pakati pa anthu oposa 100,000 amene anafunsira. Maina anatuluka m'manyuzipepala, ndipo aliyense anadziwa ngati alimo kapena mulibe. Ku yunivesiti sizikhala conco. Kulibe tsiku limodzi lolengeza, kulibe mndandanda wa m'nyuzipepala. Mpando uliwonse uli ndi ulendo wake-wake.

M'mayunivesiti ambiri ulendowo umayenda motere. Dipatimenti imene ili ndi mpata imapempha cilolezo colemba munthu. Akulu-akulu akavomera, ofesi ya Registrar imalengeza, ndipo pansi pa cilengezo kawiri-kawiri pamalembedwa kuti okhawo amene asankhidwa ndiwo adzauzidwa. Komiti imasefa makalata nkutsala ndi ocepa oitanidwa. Pa tebulo la intavyu pamakhala mkulu wa dipatimenti, mkulu wa sukulu amene amati Dean, aphunzitsi ena akulu-akulu ndi a ku ofesi yoona za anchito. Nthawi zina wofunsirayo amapemphedwa kuphunzitsa kwa mphindi zingapo pamaso pao, kuti aone ngati adziwa kufotokoza.

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Anthu a pa tebulo paja kawiri-kawiri sindiwo ali ndi mau otsiriza. Iwo amalemba lipoti: uyu woyamba, uyu waciwiri, uyu wacitatu. Lipotilo limapita kwa akulu-akulu ena kapena ku komiti ina imene ili ndi masiku ake okhalira, ndipo mamembala ake ndi anthu amene alinso ndi makalasi, mayeso oconga ndi maulendo. Komiti ikalephera kukhala sabata ino, mwina idzakhala mwezi wa mawa. Afunikanso kumva kwa anthu aja amene mwana anawalemba kuti angamucitire umboni, ndipo mmodzi yekha akacedwa kuyankha zonse zimaima. Afunika kutsimikiza kuti masatifiketi ndi eni-eni, nchito imene imagwiridwa ndi bungwe la ZAQA lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Pothera pake pali funso la ndalama. Mayunivesiti a Boma amadalira thandizo la Boma ndi mafizi a ophunzira, ndipo bajeti ya dziko imayamba kugwira nchito mu Januwale. Mayunivesiti a anthu amayamba aona kuti ophunzira amene alembetsa ndi angati asanaonjezere mphunzitsi. Motero mpando umene unalengezedwa ndi mtima wonse ukhoza kuimitsidwa popanda colakwa ciliconse ca mwana wanu.

Alimi amene anaperekako cimanga ku FRA adziwa bwino zimenezi. Kuyeza matumba pa sikelo ndi tsiku lina, kulandira ndalama ndi tsiku linanso, ndipo kalaliki wa pa depoti amene anakulemberani lisiti sindiye amatulutsa ndalama. Kukwiyira kalalikiyo sikufulumizitsa kanthu.

Pali cinthu cinanso cimene ofunsira nchito ambiri sacidziwa. Yunivesiti ikasankha munthu woyamba, siifulumira kuuza waciwiri kuti walephera. Imayamba yalembera woyambayo, kumupatsa masiku oganizira, mwina kukambirana naye za malipiro ndi tsiku loyambira. Iye akakana, kapena akapeza kwina, kalata imapita kwa waciwiri. Conco masabata a cete aja nthawi zina ndi masabata amene dzina la mwana wanu likali pa tebulo. Alipo amene analowa nchito mwa njira imeneyi, ndipo akalowa palibe amene amakumbukira kuti anali waciwiri.

KWA AMENE ANA AO ALI KUNJA

Mabanja ena ali ndi ana amene anapita kukaphunzira kunja, ndipo atatsiriza PhD akufuna nchito komweko. Makolo akatuma lamya amangomva kuti ndikali kudikira, mpaka kuyamba kukaika ngati mwanayo akukamba zoona. Tiyeni tione mmene zimakhalira kumeneko.

Ku America nchito za pa yunivesiti zili ndi nyengo yake monga ulimi. Zilengezo zambiri zimatuluka kuyambira Sepitembala mpaka Novembala, za nchito imene idzayambe ca mu Ogasiti caka cotsatira. Intavyu yoyamba imakhala yaifupi, ya mphindi 20 kapena 30. Kale inali kucitikira ku misonkhano ikulu-ikulu ya akatswiri, monga wa MLA wa aphunzitsi a zilankhulo ndi wa AEA wa akatswiri a za cuma, kumene ofunsira ambiri anali kupita ndi ndalama za m'thumba mwao kukayankha mafunso m'zipinda za m'mahotela. Kucokera pa mliri wa Covid-19 mu 2020, zambiri zimacitikira pa Zoom. Pa anthu khumi kapena kuposerapo amene afunsidwa, atatu kapena anai cabe ndiwo amaitanidwa kukaceza pa yunivesitiyo kwa tsiku limodzi kapena awiri, kawiri-kawiri pakati pa Januwale ndi Malichi. Kumeneko amakamba za kafukufuku wao pamaso pa gulu, amaphunzitsa kalasi, ndipo ngakhale pa cakudya ca madzulo maso amakhala pa iwo. Popeza oitanidwawo amabwera mmodzi-mmodzi, wobwera coyamba amadikira masabata kuti anzake atsirize. Kucokera pa kutumiza kalata kufika pa yankho ingathe miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo amene waphonya nyengoyo nthawi zambiri amadikira caka cina.

Mipando yokhazikika nayo ndi yocepa. Bungwe la aphunzitsi a m'mayunivesiti a ku America, AAUP, linapeza kuti mu 2021 pafupi-fupi awiri mwa aphunzitsi atatu alionse anali pa makontirakiti osakhazikika kapena a maola ocepa. Ndipo nakonso mipando imazimirira pakati pa ulendo. Mu 2020 mayunivesiti ambiri anaimitsa kulemba anchito cifukwa ca mliri. Mu Malichi 2025 Harvard, yunivesiti yolemera koposa onse ku America, inalengeza kuti yaimitsa kaye kulemba anchito cifukwa cosatsimikiza za ndalama zocokera ku Boma la dzikolo, ndipo University of California inacita cimodzi-modzi mwezi womwewo.

Ku Britain mwambo ndi wosiyana. Oitanidwa onse kawiri-kawiri amafunsidwa tsiku limodzi, ndipo wopambana amatumiridwa lamya madzulo omwewo kapena m'masiku ocepa otsatira. Kumeneko masiku angapo akapita kuli cete, munthu amayamba kudziwa kuti mwina sanali woyamba. Koma nakonso ndalama zavuta, moti mu Januwale 2025 Cardiff University inalengeza maganizo ocotsa mipando 400 ya aphunzitsi. Kuonjezera apo, mlendo afunika cilolezo cogwirira nchito, cimene cili ndi kudikira kwake. Phunziro lake ndi lakuti masabata atatu a cete amatanthauza zina ku London, zina ku Boston, zinanso ku Lusaka. Mwana ayenera kudziwa mwambo wa kumene wafunsira asanayambe kuwerenga masiku.

MAU KWA INU ANA ATHU

Tsopano tikambe ndi inu amene mukudikira, pakuti pali zambiri zimene zili m'manja mwanu.

Coyamba, cotsani zocedwetsa za ku mbali yanu musanaitanidwe. Pitani ndi masatifiketi ku ZAQA nthawi ikalipo, maka-maka ngati digiri munaitenga kunja. Auzeni aphunzitsi amene mwawalemba monga mboni kuti mwafunsira kuti, ndipo onetsetsani kuti manambala ndi ma imelo ao akali kugwira nchito. Ngati intavyu ndi ya pa intaneti, kumbukirani caka ca cilala ca 2024, pamene magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse. Pezani malo a bata, dzazani moto m'kompyuta ndi m'foni, gulani data yokwanira, ndipo perekani nambala yaciwiri.

Caciwiri, funsani musanatuluke m'cipinda. Pothera intavyu amakufunsani ngati muli ndi funso, ndipo ambiri cifukwa ca mantha amangoti ndilibe. Akale anati safunsa anadya phula. Funsani mwaulemu kuti ayembekezera kumaliza liti, adzakudziwitsani ndani ndiponso mwa njira yotani, komanso nchito ayembekezera kuti idzayambe liti. Mukatero muli ndi tsiku loyambira kuwerenga.

Cacitatu, tsiku lomwelo lembani m'kope mafunso onse amene anakufunsani ndi pamene munadodoma. Mafunso ambiri amabwerera: cifukwa ciani mufuna kuno, mungaphunzitse makosi ati, mudzafufuza ciani zaka zikubwerazi, mungayendetse bwanji kalasi ya ophunzira mazana. Mukalemba, tsekani kopelo. Kubwereza m'mutu usiku wonse mmene bwana uja anakwinyira nkhope sikusintha lipoti limene linalembedwa kale.

Cacinai, tsiku limene anachula likapita, onjezerani sabata imodzi kapena awiri, ndipo lembani kalata kapena imelo imodzi yaifupi ku ofesi imene inakuitanani. Thokozani, chulani mpando ndi tsiku la intavyu, nenani kuti mukali kuufuna, ndipo funsani pamene nkhani yafika. Kukakhalabe cete, lembaninso kamodzi pakapita mwezi, basi. Osatumira lamya mamembala a komiti pa manambala ao a kunyumba, ndipo osatuma amalume amene adziwana ndi wakuti. Zotere zingacotsetse dzina limene linali pamwamba.

Cacisanu, osaleka kufunsira kwina. Mlimi wanzeru sadalira mbeu imodzi. Kuphunzitsa kwa maola ocepa pa koleji, kuthandiza pa kafukufuku wa ena, kusandutsa buku lanu la Masters kukhala nkhani ya m'magazini a akatswiri, zonsezi zimalemeretsa mapepala anu pa intavyu yotsatira. Kumbukiraninso kuti kafukufuku sacitikira pa yunivesiti pokha. Wa za ulimi, mwacitsanzo, angayang'anenso ku ZARI, imene ili ndi malo ofufuzira ku Mount Makulu ndi ku Msekera ku Chipata.

Cacisanu ndi cimodzi, osasiya nchito imene muli nayo, osasamutsa banja, osatenga ngongole, kufikira kalata yosainidwa ili m'manja. Fodya wako ndi uyo ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Lamulo la nchito la mu 2019, Employment Code Act, limati pangano la nchito la miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo liyenera kukhala lolembedwa. Kalatayo ikabwera iwerengeni yonse: ndi nchito yokhazikika kapena ya kontirakiti, ya zaka zingati, malipiro ndi angati, miyezi yoyesedwa ndi ingati. Ngati ndi yunivesiti imene simuidziwa bwino, funsani ku Higher Education Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, ngati ndi yolembetsedwa, ndipo funsaninso amene aphunzitsa kumeneko ngati malipiro amabwera pa nthawi yake.

Cotsiriza, zingacitike kuti kwina akupatsani kalata pamene mtima wanu uli ku yunivesiti imene ikali cete. Pemphani okupatsaniwo masiku ocepa oganizira, ndipo lemberani a cetewo kuwauza kuti mwapatsidwa malo kwina ndipo muyenera kuyankha pofika tsiku lakuti. Ngati akufunani adzadzuka. Akapanda kuyankha, tengani imene ili m'manja. Koma osanama kuti muli ndi kalata pamene mulibe, pakuti aphunzitsi a m'mayunivesiti a dziko lino amadziwana.

AKUBA AMAKONDA NTHAWI YA CETE

Munthu wotopa ndi kudikira ndiye nyama ya akuba. Lamya imalira, wina akudzicha kuti ndi wa ku ofesi ya anchito, adziwa ngakhale dzina la mwana ndi mpando umene anafunsira. Akuti dzina lili pa nambala yaciwiri, koma mukatumiza kena kake pa mobile money lero lomwe likwera. Abale, yunivesiti yoona siigulitsa mpando pa foni. Wakuba akalandira amazimitsa nambala. Ndipo ngati alidi wa m'kati, dziwani kuti pa lamulo loletsa ziphuphu la mu 2012, wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu. Cimodzi-modzi amene apempha mwana wathu wamkazi kuti akakumane ku malo ogona alendo kuti akakambirane za nchito. Sungani mauthengawo, ndipo kaneneni ku polisi kapena ku Anti-Corruption Commission.

Wakuba wina ndi uja amene amati mwai wa mwana unamangidwa ndi azakhali kapena agogo a pa mudzi. Ng'ombe imapita, ubale umatha, nkhalamba yosalakwa imayamba kugona ndi mantha, pamene cocedwetsa ceni-ceni ndi komiti imene siinakhale kapena bajeti imene siinafike. Tisaiwale kuti lamulo la dziko lino, Witchcraft Act, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

MBALI YATHU MAKOLO

Ife makolo tingapeputse katundu wa mwana, tingaulemeretsenso. Funso lakuti kodi atuma, likafunsidwa m'mawa, masana ndi madzulo, limasanduka mkwapulo. Ndi bwino kumuuza kamodzi kuti, mwananga, ukamva kanthu udzatiuza, nkusiyira pomwepo. Tisafulumire kulengeza pa citsime, pa msika kapena m'magulu athu kuti mwana wapeza nchito pa yunivesiti pamene wangopita ku intavyu. Zikapanda kutheka, manyazi onse amagwera iye.

Pa za ndalama tikhale pansi monga banja. Tigwirizane kuti caka cino tingakwanitse maulendo angati, ndipo ndalama ya mbeu ndi fataleza isakhudzidwe. Mwana afunse oitanawo ngati amabweza ya basi kapena ngati angalole intavyu ya pa intaneti. Kufunsa kotere si mwano.

Tisamuyerekeze ndi mwana wa aneba amene analowa usilikali kapena unamwino nayamba kale kumanga nyumba. Njira zao ndi zosiyana. Akabwera kudzakhala pa mudzi podikira, asaone ngati walangidwa. Agwire nafe khasu, athandize ana a Giredi 12 masamu, alembere gulu la alimi mabuku a ndalama, koma timupatsenso maola ake owerenga ndi kulemba, pakuti imeneyo ndiyo nchito yake. Ndipo tikhale maso. Tikaona kuti sagona, sadya, wayamba mowa umene sanali kumwa, kapena akukamba mau otaya moyo, tisati ndi ulesi. Tikhale naye pafupi, tiitane munthu amene iye amamukhulupirira, ndipo tipite naye ku cipatala.

YANKHO LIKABWERA LAKUTI AI

Tinene zoona: pa mpando umodzi, oitanidwa onse kupatula mmodzi adzabwerera manja-manja, ndipo ena sadzalandira ngakhale kalata yowauza. Mcitidwe umenewu si wabwino, ndipo tipempha akulu-akulu a mayunivesiti athu kuti munthu amene anawononga ndalama kubwera ku intavyu azimuuza zotsatira, ngakhale ndi mizere iwiri cabe. Ulemu umenewo sufuna bajeti.

Koma mwana asatenge yankho lakuti ai monga ciweruzo ca nzeru zake. Kawiri-kawiri anthu awiri kapena atatu amakhala oyenera, ndipo komiti imatenga amene maphunziro ake alowa ndendende pa mpata umene ulipo caka cimeneco. Alembe kalata yothokoza, apemphe mwaulemu ngati angamuuze pamene afunika kukonza, ndipo asanyoze yunivesitiyo pa Facebook, pakuti mawa mpando wina udzatseguka pamaso pa anthu omwewo. Kuona maso a nkhono nkudekha, koma kudekha kwake kukhale kwa munthu amene wadziikira malire. Banja ndi mwana agwirizane kuti ayesa nyengo zingati asanatsegule khomo lina, m'maunduna a Boma, m'mabungwe, m'makampani kapena m'nchito yake-yake. Maphunziro amene tinalipirira ndi thukuta sataika cifukwa sanathere pa bolodi la yunivesiti.

Ngati pa nyumba panu pali wodikira, khalani naye pansi sabata ino. Mufunseni tsiku limene anamulonjeza, kalata imene walemba, ndi kwina kumene wafunsira. Zikakhala m'malo, mwacita mbali yanu. Zotsalazo zili ku ofesi, ndipo zidzayenda pa liwiro la ofesi.